Mwana Akachedwa Kulankhula: Zoyenera Kuyang'ana ndi Zoyenera Kuchita, Mwa Ndondomeko

Funso lakuti "Mwana wanga wakwanitsa zaka 2 koma sakulankhula, kodi ndidikire?" ndalimva kambirimbiri kwa amayi, kwa abambo ndi kwa agogo, ndipo yankho lake ndi lalitali moti silikwana kulipereka pakamwa munthu ali chiimire. N'chifukwa chake ndalilemba lonse pano. Mfundo yaikulu ndiyiike poyamba: mwana akachedwa kulankhula, choyamba kuchikayikira ndi makutu ake, osati lilime, ndipo kudikira kuti adzalankhula yekha kumakhala koyenera pokhapokha mwatsimikiza kuti akumva bwino ndiponso akumvetsa zimene mukumuuza.

1. Werengani msinkhu wa mwana m'miyezi.

Tsegulani kabuku ka chipatala kamene mumapita nako ku sikelo, muone tsiku lobadwa, ndipo muwerenge miyezi yeniyeni. Mawu akuti "chaka ndi theka" ena amawanena pa mwana wa miyezi 15, ena pa wa miyezi 21, koma ana awiriwa sitiyembekezera zofanana kwa iwo. Ngati mwanayo anabadwa masiku asanakwane, chotsani miyezi imene inatsala. Mwana amene anabadwa mimba ili ndi miyezi 7, akakwanitsa miyezi 12 timamuyesa ngati wa miyezi 10, ndipo kuchotsera kumeneku kumachitika mpaka atakwanitsa zaka 2. Makolo a mapasa akumbukire zimenezi, popeza mapasa ambiri amabadwa msanga.

2. Dziwani zimene zimayembekezereka pa msinkhu uliwonse.

Makolo ambiri amayang'ana chinthu chimodzi chokha, chimene ndi mawu otuluka m'kamwa. Koma kulankhula kumatsamira pa zinthu zina zimene zimabwera mawu asanabwere, monga kumva, kumvetsa, ndi kufotokoza ndi maso kapena manja.

Kuyambira pa kubadwa mpaka miyezi 3, khanda limadzidzimuka likamva phokoso lalikulu, limatonthola likamva mawu a mayi ake, ndipo pofika masabata 6 kapena 8 limayamba kumwetulira munthu akaliseweretsa, n'kumatulutsa timawu tofewa ta "uuu" ndi "aaa". Pakati pa miyezi 4 ndi 6 mwana amaseka mokweza, amatembenukira kumene kukuchokera mawu, ndipo mukamulankhula n'kukhala chete amayankha ndi timawu take ngati akucheza nanu.

Pakati pa miyezi 6 ndi 10 pamabwera chizindikiro chimene ndimachilemekeza kwambiri, ndicho kubwereza "bababa", "mamama" kapena "dadada". Amenewa sanakhale mawu enieni, ndipo bambo asafulumire kunyada kuti mwana wayamba kutchula iwo, koma akuonetsa kuti mwanayo akumva mawu a anthu ndi ake omwe, n'kumayesa kuwatsanzira. Pofika miyezi 9 amatembenuka akaitanidwa dzina lake, ndipo pofika miyezi 12 amakweza manja kuti anyamulidwe, amagwedeza dzanja potsanzika, amamva mawu akuti "ayi", ndipo ambiri amayamba kuloza ndi chala. Mawu oyamba okhala ndi tanthauzo, monga "amama" ponena mayi ake enieni, amabwera cha pamenepa, ena patsogolo pang'ono, ena pambuyo pang'ono.

Pa miyezi 18 mwana ayenera kukhala ndi mawu angapo kupatula "amama" ndi "ababa", ayenera kuloza chinthu pofuna kuti nanunso muchione, ndipo ayenera kuchita chinthu chosavuta chimene mwamuuza popanda kumulozera. Pa zaka 2 ana ambiri amakhala ndi mawu okwana 50 kapena kuposa, ndipo amaphatikiza awiri, monga "agogo apita" kapena "phala lina". Pa zaka 3 amanena ziganizo zazifupi, amafunsa mafunso osatha, ndipo munthu wachilendo amamva zambiri mwa zimene akunena. Pa zaka 4 amatha kusimba zimene zachitika kumene anapita, ndipo mlendo amamva pafupifupi zonse.

Misinkhu imeneyi si malire okhwima, ndipo mwana wotsalira ndi mwezi umodzi kapena iwiri pa chinthu chimodzi, zina zonse zili bwino, sadetsa nkhawa. Chodetsa nkhawa ndi kutsalira pa zinthu zingapo nthawi imodzi, kapena kudutsa miyezi yambiri popanda chatsopano.

3. Werengani mawu a mwana mwachilungamo.

Pano makolo amalakwitsa mbali ziwiri. Ena amawerenga mawu okhawo otchulidwa bwino, n'kupeza kuti mwana alibe mawu, pamene ali nawo ambiri. Liwu ndi phokoso lililonse limene mwana amaligwiritsa ntchito yekha, mobwerezabwereza, ponena chinthu chimodzimodzi. Akamati "mee" nthawi zonse akaona mbuzi, limenelo ndi liwu. Akamati "pipii" ponena galimoto, "toto" pokana, kapena "puni" ponena supuni, onsewo awerengeni. Ana ophunzira Chichewa amakonda kudula chiyambi cha mawu, n'kumati "manga" m'malo mwa chimanga, ndipo zimenezi zimakonzeka zokha pamene akukula. Ena amalakwitsa mbali inayo, powerenga mawu amene mwana amangobwereza pambuyo pawo. Mukanena kuti "Nena kuti nsima" iye n'kunena "sima", simunadziwebe ngati akulidziwa liwulo. Liwerengeni tsiku limene adzalinena yekha ataona mbale.

M'Chichewa liwu limodzi likhoza kusenza chiganizo chonse. Mwana amene amasiyanitsa "ndikufuna" ndi "sindikufuna", kapena "wapita" ndi "apita", wayamba kale kumanga ziganizo, ngakhale kuti powerenga mungapeze liwu limodzilimodzi.

Ngati pakhomo pamalankhulidwa zilankhulo ziwiri kapena zitatu, monga Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi, phatikizani mawu a zilankhulo zonse. Mwana wonena "madzi" kwa mayi ake ndi "maji" kwa agogo ake ali ndi mawu awiri. Zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana, ndipo kuzisakaniza m'chiganizo chimodzi si matenda, popeza ife akuluakulu timachita zomwezo tsiku lililonse. Makolo okhala ku Johannesburg kapena ku London nthawi zina amalangizidwa kusiya Chichewa kuti mwana asasokonezeke, koma langizo limeneli ndimalikana, chifukwa mwana amapindula ndi chilankhulo chimene kholo limachilankhula momasuka komanso mochuluka. Tengani pepala, mulembe mawu onse kwa sabata imodzi, ndipo mupemphe aliyense wolera mwanayo awonjezere amene wamva.

4. Yesani makutu, ndipo muyese moyenera.

Ili ndilo gawo lovuta, ndipo ndi limene malangizo ambiri amalidumpha ndi chiganizo chimodzi. Pafupifupi kholo lililonse limene ndalifunsa ngati mwana amamva limayankha mwachangu kuti "Amamva bwinobwino". Kholo silinama ayi, koma mwana wa vuto la kumva ndi katswiri wowerenga zinthu ndi maso. Akaona mayi atenga beseni ndi sopo amadziwa kuti ndi nthawi yosamba. Mukamuuza kuti "Tenga nsapato" mukuyang'ana nsapatozo, kapena mukuziloza ndi mlomo monga tizolowera, amazitenga osamva liwu ndi limodzi lomwe. Akakhala kumbuyo m'nsalu amazindikira kuti mayi akulankhula chifukwa msana ukunjenjemera. Komanso khanda losamva limalira, limaseka, ndipo limatulutsa timawu tofewa ta miyezi yoyamba monga makanda ena onse, choncho kulira kwamphamvu si umboni wakuti makutu ali bwino. Kusiyana kumayamba kuonekera pa nthawi ya "bababa" ija, imene mwa mwana wosamva imachedwa kwambiri kapena siibwera.

Kuwomba m'manja, kumenya poto ndi kumenyetsa chitseko si mayeso abwino. Phokoso lalikulu limamveka ngakhale kwa mwana amene samva mawu wamba a anthu, kuwomba m'manja pafupi kumakankha mpweya umene umamukhudza pakhungu, ndipo chitseko chimagwedeza pansi. Mwana angamve bingu ndi hutala ya minibasi koma osamva kusiyana kwa "sopo" ndi "poto", ndipo kusiyana koteroko ndiko kumafunika kuti aphunzire kulankhula.

Kwa mwana wa miyezi 7 kupita m'tsogolo, yesani motere. Pakhale akuluakulu atatu m'chipinda chabata, wailesi itazimitsidwa. Mmodzi amukhazike mwana pamiyendo, nkhope itayang'ana kutsogolo, ndipo asalankhule kapena kugwedezeka. Wachiwiri akhale kutsogolo, akope maso a mwana ndi chinthu chosalira, kenako achibise m'manja n'kukhala phee. Pa kamphindi kameneko wachitatu, amene waima kumbuyo cham'mbali pa mtunda wa mita imodzi pamene mwana sangamuone ngakhale chithunzithunzi chake, atulutse phokoso lochepa molingana ndi khutu la mwana. Akhoza kunong'ona dzina lake, kunena "sss", kukhwinyata kapepala, kapena kukhudza mkati mwa kapu ndi supuni pang'onopang'ono. Yesani khutu lililonse palokha, ndipo mubwereze tsiku lina, popeza mwana wotopa, wanjala kapena wachimfine akhoza kusatembenuka ngakhale akumva.

Kwa mwana wa zaka 2, ikani patsogolo pake zinthu zinayi zimene amazidziwa, monga kapu, supuni, nsapato ndi chipeso. Imani kumbuyo kwake kapena phimbani pakamwa panu ndi pepala, manja ndi maso anu zisaloze kanthu, ndipo munene ndi mawu otsika kuti "Ndipatse chipeso". Sinthani malo a zinthuzo, mupemphe china.

Mayeso apakhomowa ali ndi malire amene muyenera kuwadziwa. Mwana akalephera, muli ndi chifukwa chokwanira chopitira ku chipatala. Koma akapambana, sizikutanthauza kuti makutu onse ali bwino, chifukwa vuto laling'ono kapena la khutu limodzi limabisala. Mwana aliyense wochedwa kulankhula ayenera kuyezedwa makutu ndi makina, kaya wapambana mayeso apakhomo kaya walephera. Makinawo sapweteka, ndipo ena amayeza ngakhale khanda la masiku ochepa lili m'tulo, pongoika kachipangizo kofewa pakhomo pa khutu. Palibe mwana amene ndi wamng'ono kwambiri moti sangayezedwe.

5. Kumbukirani matenda amene mwana anadwalapo.

Yang'anani m'kabuku ka chipatala muja ndipo mudzifunse. Kodi anachedwa kulira atabadwa, kapena anagonekedwa ku nazale masiku ambiri? Kodi anadwala chikasu chachikulu ali khanda? Kodi anadwalapo matenda oumitsa khosi, malungo okomola, chikuku kapena matsagwidi? Kodi mayi anatuluka zidzolo ndi kutentha thupi ali oyembekezera, kapena anapezeka ndi chindoko? Kodi kumtundu kuli amene anabadwa osamva? Zonsezi zikhoza kukhudza makutu kapena ubongo. Mwana amene wachira matenda oumitsa khosi ayenera kuyezedwa makutu mwamsanga, osadikira kuti muone ngati adzalankhule. Jekeseni zina zamphamvu zopulumutsa moyo wa khanda, monga gentamicin, nthawi zina zimakhudza makutu. Chimenechi si chifukwa chozikanira, koma ndi chifukwa chotchulira kwa adokotala kuti mwanayo anazilandirapo. Onaninso ngati analandira katemera wa chikuku ndi rubella (matenda a zidzolo ofanana ndi chikuku), amene ku Malawi amaperekedwa pa miyezi 9 ndi 15.

Khutu lotuluka mafinya ndi vuto limene tinalizolowera mpaka kuliyesa chinthu wamba. Mafinya akatuluka kwa masiku 14 kapena kuposa, achipatala amati matendawo akhazikika, ndipo mwana wotere amamva mawu mogonthagontha pa nthawi yeniyeni imene amayenera kuwaphunzira. Musathire m'khutu mafuta ophikira, madzi a masamba kapena mkaka wa m'mawere, ndipo musatokose ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga. Pindani kansalu koyera kofewa kakhale kosongoka, mukalowetse pang'ono kuti kamwe mafinya, musinthe mpaka khutu litauma, ndipo mupite naye ku chipatala akalandire mankhwala. Palinso madzi amene amadzaza kuseri kwa ng'oma ya khutu pambuyo pa chimfine popanda kutuluka kunja kapena kupweteka. Mwana wotere amamva bwino sabata ino, sabata yamawa ayi, ndipo kawirikawiri amanenedwa kuti ndi wamwano.

6. Zizindikiro izi sizifuna kudikira.

Pitani ku chipatala mwezi womwewo ngati mwana sakubwereza "bababa" kapena "mamama" pofika miyezi 10 mpaka 12, ngati satembenuka poitanidwa dzina kapena sagwiritsa ntchito manja pofotokoza pofika miyezi 12, ngati alibe liwu lililonse kapena saloza ndi chala pofika miyezi 18, kapena ngati saphatikiza mawu awiri pa zaka 2. Chachikulu kuposa zonse ndi kubwerera m'mbuyo. Mwana amene anali ndi mawu n'kuwataya, kapena amene ankacheza ndi anthu n'kusiya, aonedwe mwamsanga pa msinkhu uliwonse. Zimenezi zimachitika mwa ana ena a autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kucheza ndi kulankhula ndi anthu), kawirikawiri m'chaka chachiwiri cha moyo, limodzi ndi kupewa kuyang'ana anthu m'maso, kusasewera ndi anzawo ndi kubwereza chinthu chimodzi kwa nthawi yaitali, koma zimachitikanso ndi mitundu ina ya khunyu. Onjezerani pamenepa mwana wovutika kuyamwa kapena kumeza, wotuluka mkaka m'mphuno, ndi amene wachedwanso kukhala pansi ndi kuyenda.

7. Gwirizanani ndi apabanja, kenako pitani mokonzeka.

Kawirikawiri chopinga chachikulu si mtunda wa ku chipatala koma mawu a pakhomo. Agogo amati ana aamuna amachedwa, apongozi amati bambo akenso analankhula ali ndi zaka 4, ndipo wina amati mwanayo ndi waulesi chifukwa azikulu ake amamulankhulira. N'zoona kuti anyamata amatsalira pang'ono poyerekeza ndi atsikana, koma kusiyanako n'kochepa, ndipo sikungafotokoze mwana wa zaka 2 wopanda liwu. N'zoonanso kuti ana ambiri ochedwa amadzafanana ndi anzawo, makamaka amene amamvetsa bwino ndipo amaloza, koma palibe amene angadziwe ndi maso okha kuti uyu ali m'gulu limenelo. Ndipo ngati bambo anachedwadi, chimenecho ndi chifukwa chowonjezera choyezetsera, popeza mavuto ena a kumva ndi a kulankhula amayenda kumtundu. Musakangane ndi akuluakulu. Auzeni mwaulemu kuti, "Agogo, mwina mukunena zoona, koma tiloleni tikangoyezetsa makutu kuti mitima ikhale pansi", ndipo ngati n'kotheka mupite nawo limodzi, chifukwa zimene adzimvera okha kwa adokotala sadzazitsutsa pakhomo.

Musalole aliyense kudula kamnofu ka pansi pa lilime kunyumba. Kamnofuko kakafupika kakhoza kuvutitsa kuyamwa kapena katchulidwe ka mawu ena, koma sikaletsa mwana kumvetsa kapena kukhala ndi mawu, ndipo kudula ndi lezala kumabweretsa kutaya magazi ndi matenda.

Ku sikelo mzere umakhala wautali, ndipo ntchito imathera pa kuyeza kulemera ndi kubaya katemera, choncho musayembekezere kuti mudzafunsidwa za kulankhula. Yambitsani nkhaniyo nokha kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kwa anamwino. Musangoti "Sakulankhula", chifukwa yankho lake likhoza kukhala "Adzalankhula". Nenani zenizeni: "Ali ndi miyezi 22, ali ndi mawu atatu okha, satembenuka ndikamuitana ali chakumbuyo, ndipo anadwala malungo okomola ali ndi chaka chimodzi. Ndikupempha kuti ayezedwe makutu." Onetsani pepala la mawu lija, ndipo ngati muli ndi foni, kanema wamfupi wa mwanayo akusewera pakhomo amathandiza, popeza ana ambiri amauma pakamwa akaona yunifolomu. Pemphani kuti dandaulo lanu lilembedwe m'kabuku, ndiponso kalata yokutumizani kumene kuli makina. Ku Blantyre, chipatala cha Queen Elizabeth Central chili ndi kiliniki yoyeza makutu, ndipo ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ku African Bible College. Mukauzidwa kuti mudikire, funsani kuti mudikire mpaka liti, ndipo tsikulo lilembedwe.

8. Pamene mukudikira, sinthani kachezedwe ka pakhomo.

Mwana amaphunzira kulankhula mwa kusinthana mawu ndi munthu, osati mwa kungomva mawu akudutsa. Mwana wokhala kumbuyo tsiku lonse amamva zambiri koma saona pakamwa pa mayi, choncho pezani nthawi yomutsitsa n'kukhala naye maso ndi maso. Tchulani zimene iye akuyang'ana, osati zimene inu mukufuna kuti aphunzire. Akati "mee", yankhani kuti "Eya, mbuzi, mbuzi ikudya", ndiye kuti mwawonjezera liwu limodzi kapena awiri pa zimene wanena. Mukafunsa funso, khalani chete kwa kanthawi, chifukwa ana ochedwa amafuna mpata, ndipo akuluakulu timafulumira kuwayankhira. M'malo momupatsa zonse asanapemphe, muonetseni ziwiri n'kumufunsa kuti "Nthochi kapena mbatata?" Akaloza, mupatseni mukutchula dzina la chinthucho, koma musamumane chakudya pofuna kumukakamiza kulankhula. Nyimbo zowombera m'manja, nthano za agogo ndi masewera a ana anzake ku sukulu ya mkombaphala zonse ndi zothandiza.

Foni ndi TV sizilowa m'malo mwa zimenezi. Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi la WHO linalangiza kuti ana osakwana zaka 2 asamaonetsedwe zinthu za pa foni kapena pa TV, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Mwana wotha kuimba nyimbo ya pa katuni koma wosatha kupempha madzi sanaphunzire kulankhula. Musaiwalenso chakudya. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 ku Malawi anali opinimbira, ndipo mwana woperewera zakudya kapena wochepa magazi amachedwa pa zambiri, kulankhula komwe.

9. Chibwibwi ndi katchulidwe.

Pakati pa zaka 2 ndi 5 ana ambiri amadodoma kapena kubwereza chiyambi cha mawu, ndipo ambiri mwa iwo zimatha zokha. Musamumalizire mawu, musamuuze kuti afulumire, ndipo letsani ana anzake kumugeza. Funsani thandizo ngati chibwibwicho chapitirira miyezi 6, ngati akulimbana ndi mawu mpaka nkhope kukwinyika, kapena ngati wayamba kuopa kulankhula. Mawu ovuta monga "mpsa", "tsw" ndi "bz" amabwera mochedwa, ndipo njira yabwino ndi kubwereza liwulo molondola m'chiganizo chanu popanda kumuuza kuti walakwa.

10. Makina akaonetsa kuti mwana ali ndi vuto la kumva.

Funsani zinthu zitatu musanachoke: kukula kwa vutolo, ngati lingachizike ndi mankhwala kapena opaleshoni, ndiponso ngati zipangizo zothandizira kumva zingamuthandize. Mwana akapatsidwa zipangizozo azivale nthawi zonse ali maso, ndipo kachidutswa kolowa m'khutu kamafuna kusinthidwa pamene khutu likukula, choncho funsani tsiku lobwereranso ndi kumene mungapeze mabatire. Yambani chinenero cha manja nthawi yomweyo. Manja saletsa mwana kulankhula, ndipo mwana wokhala zaka zoyamba wopanda chilankhulo chilichonse ndiye amavutika kwambiri kuphunzira pambuyo pake. Bungwe la MANAD, limene limaimira anthu osamva ku Malawi, ndi poyambira pabwino pofuna ophunzitsa chinenerochi. Sukulu za ana osamva zilipo, monga Maryview ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba, koma mwana amakafika kumeneko atakula kale, choncho zaka za m'mbuyomo zimadalira pakhomo. Asaphunzire mayi okha. Bambo, agogo ndi ana anzake a m'nyumbamo aphunzire zizindikiro za chakudya, madzi, kupweteka, chimbudzi ndi mayina a anthu, n'kumawonjezera zatsopano sabata iliyonse.